Ulendo wa tsiku limodzi wa ku Simon's Town: malangizo kwa a ku Mangochi okhala ku Cape Town

Kuyambira ku Makanjira ndi ku Namwera mpaka ku Chimwala ndi ku Monkey Bay, n'kovuta kupeza mudzi wa m'boma la Mangochi umene ulibe mwana wake ku Joni, ndipo ambiri mwa ana amenewa sanathere ku Johannesburg kapena ku Durban, koma anatsetserekera ku Cape Town kumene akugwira ntchito za m'nyumba, za m'minda ya maluwa, za m'mashopu ndi za m'malo odyera. Munthu amatha kukhala mumzinda umenewo zaka zingapo osapondako mchenga wa pagombe, chifukwa masiku ake onse amathera pakati pa chipinda cha lendi ndi pakhomo pa bwana, ndipo ndalama iliyonse yotsala imakhala ili ndi mwini wake kale kuno kumudzi. Ine ndinakhalako kumeneko ndisanabwerere kuno ku Mangochi, ndipo malangizo awa ndalembera abale amene adakali komweko, kuti adziwe mmene angapitire ku Simon's Town Loweruka m'mawa, n'kukaona nyanja yamchere, n'kubwerako dzuwa lisanalowe, osakhudza ndalama ya lendi komanso osaika moyo pachiswe.

Simon's Town ndi tauni yaing'ono ya m'mbali mwa chigawo cha nyanja chotchedwa False Bay, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kummwera kwa Cape Town. Ndaisankha chifukwa njanji imakathera pomwepo, choncho munthu wopanda galimoto amafikako mosavuta, komanso chifukwa madzi a mbali imeneyi amazizira mopiririka poyerekeza ndi a ku Camps Bay kapena ku Bloubergstrand.

Sankhani tsiku poyang'ana mphepo

Posankha tsiku musadalire kalendala ya nyengo ya kwathu. Miyezi imene kuno mvula imagwa, kuyambira Disembala mpaka Malichi, ku Cape Town kumakhala kouma ndi kotentha, ndipo mvula yawo imagwa m'nyengo yozizira, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Komabe chimene chimawononga ulendo wa kugombe nthawi zambiri ndi mphepo imene eni dziko amaitcha Cape Doctor. Mphepo imeneyi imachokera kummwera chakum'mawa, mbali yomwe ija imene mwera umachokera pa nyanja yathu, koma pamene mwera umavuta asodzi mu Juni ndi Julayi, iyo imalimba m'miyezi yotentha. Popeza False Bay inatsegukira kummwera, mphepoyo imalowa mopanda chotchinga, ndipo mchenga umene imaulutsa umabaya m'miyendo, kulowa m'maso ndi m'chakudya. Lachinayi kapena Lachisanu onani zanyengo pa foni, ndipo mukaona kuti liwiro la mphepo lipitirira makilomita 30 pa ola, ndi bwino kuusunthira ulendowo ku sabata yotsatira. Kwa ine miyezi yabwino koposa ndi Malichi ndi Epulo, pamene mphepo imakhala itayamba kufatsa, madzi asanazizire kwambiri, komanso alendo a tchuthi atabwerera kwawo. Amene akufuna kuona anangumi apite pakati pa Juni ndi Novembala, atavala jekete, ndipo za kusambira aiwaleko.

Pewani 26 Disembala ndi 1 Januwale. Masiku awiriwa magombe amadzaza moti ana amasochera makolo awo ali pomwepo, ndipo sitima ndi matakisi obwerera amakhala olimbirana. Loweruka ndi labwino kuposa Lamulungu chifukwa Lamulungu sitima zimakhala zochepa. Dzulo lake la ulendo pitani pa siteshoni imene muli nayo pafupi kapena onani tsamba la pa Facebook la Metrorail, amene amayendetsa sitimazi, mudziwe nthawi ya sitima ya m'mawa ndi ya sitima ziwiri zomaliza zobwerera, ndipo mufunsenso ngati sitima ikufika ku Simon's Town kapena ikuthera ku Fish Hoek, chifukwa pakati pa malo awiriwa njanji inadutsa pamchenga ndipo mphepo ikawomba kwambiri imaikwirira.

Ndalama, mapepala ndi anzanu apaulendo

Ulendo uwu muuike sabata yotsatira malipiro, mutalipira kale lendi ndiponso mutatumiza kale ya kumudzi, kuti mukamadya nsomba ku doko mtima usamakutsutseni. Ndalama yotsalayo muigawe patatu: ya thiransipoti, ya chakudya ndi polowera, ndi ina yosakhudza imene mungakwerere takisi ngati sitima yakusiyani. Yachitatuyi muiike m'thumba lina, kutali ndi foni. Tengani khadi ya kubanki ngati muli nayo, chifukwa malo ena olipira polowera salandira ndalama ya pamanja.

Pasipoti ndi pepala lokulolani kukhala m'dzikomo muzinyamule zili m'kapulasitiki kotseka bwino, ndipo muzijambule pa foni n'kutumizira m'bale wodalirika zithunzizo. Pasipotiyo ili ndi ntchito ina kupatula kuonetsa apolisi. Ku Boulders, kumene kuli mbalame za penguin, bungwe loyang'anira malo osungirako zachilengedwe la SANParks limalipiritsa mitengo itatu: wa nzika ndi okhazikika m'dzikomo, wa anthu a m'mayiko a SADC, ndi wa alendo ochokera kwina konse, umene ndi wokwera kwambiri. Malawi ali mu SADC, koma wogulitsa matikiti sadzakhulupirira pakamwa panu popanda kuona pasipoti.

Musapite nokha, koma musatengenso mudzi wonse. Anthu atatu kapena anayi ndi okwanira, chifukwa gulu likakula mmodzi amachedwa kusamba, wina akufuna kudzera kwa mlamu wake, ndipo sitima ya m'mawa imapita. Mugwirizane musananyamuke kuti nthawi zonse padzakhala mmodzi wotsala pamtunda kuyang'anira zikwama ndi kuyang'anitsitsa amene ali m'madzi. Ngati mwatenga ana, mwana aliyense akhale ndi wamkulu wake womuyang'anira wotchulidwa dzina, pakuti mwana woyang'aniridwa ndi gulu lonse ndi amene amasowa.

Kamba wa paulendo mukonze usiku: mpunga kapena buledi, mazira owiritsa, mandasi, zipatso, ndi mabotolo a madzi a pampopi, amene ku Cape Town ndi abwino kumwa. Onjezerani chipewa, thaulo kapena chitenje choyala pamchenga, zovala zosinthira, ndi juzi ngakhale kutacha kotentha. Sopo musiyeni kunyumba, chifukwa m'madzi amchere sachita thovu ndipo pagombe la kumeneko si pochapira. Mowa ndi woletsedwa m'magombe a mzinda wa Cape Town, ndipo achitetezo amalanda.

Kukwera sitima

Njanji imene mukufuna ndi ya kummwera, yotchedwa Southern Line, imene imachokera pa siteshoni yaikulu ya Cape Town n'kudutsa Salt River, Observatory, Mowbray, Claremont, Wynberg, Retreat, Muizenberg, St James, Kalk Bay, Fish Hoek ndi Glencairn. Okhala ku Dunoon akwere basi ya MyCiTi mpaka m'tauni n'kuyenda pang'ono kufika pa siteshoni yaikulu. Okhala ku Imizamo Yethu ku Hout Bay, kapena cha ku Philippi, atha kukwera takisi yopita ku Wynberg n'kukakumana ndi sitima kumeneko. Okhala ku Capricorn ali kale pakhomo pa Muizenberg, ndipo a ku Masiphumelele amangofunika takisi yaifupi yofika ku Fish Hoek. Gulani tikiti yopita ndi kubwerera nthawi imodzi, kuti madzulo musakaime pamzere kapena kupeza zenera logulitsira litatsekedwa, ndipo muisunge mpaka mutatuluka pageti. Kuchokera m'tauni ulendo wonse umatenga ola limodzi ndi mphindi zingapo, choncho yesetsani kukhala mutakwera isanakwane 8 koloko.

Mukamadutsa pa Observatory kumbukirani kwanu. Dera limeneli linatenga dzina kuchokera ku nyumba yoonera nyenyezi imene Thomas Maclear ankaiyang'anira, ndipo David Livingstone, amene anali bwenzi lake, ndiye anatcha malo athu a ku Chembe dzina lakuti Cape Maclear pofuna kumulemekeza.

Khalani mbali ya kumanzere popita. Mpaka ku Retreat mudzangoona makoma ndi kuseri kwa nyumba za anthu, koma sitima ikangofika pa Muizenberg nyanja imaonekera mwadzidzidzi, ndipo kuyambira pamenepo njanji imatsata m'mphepete mwenimweni mwa madzi, moti nyanja ikadzaza malovu a mafunde amatha kufika pamawindo. Musatsike pa Muizenberg ngakhale timanyumba ta mitundumitundu ta pagombe tikukopeni. Pitani kaye kumapeto kwa njanji mukadali ndi mphamvu mphepo isanadzuke, ndipo malo enawo muwaone pobwerera, chifukwa mukatero dzuwa likamapendeka mudzakhala mukuyandikira kwanu m'malo motalikira.

M'mawa ku Simon's Town

Njanji inafika ku Simon's Town mu 1890, ndipo siteshoni yake ili kunja pang'ono kwa tauni. Mukatuluka tsatani msewu waukulu, nyanja ili kumanzere kwanu. Tauniyi ndi likulu la sitima zankhondo za South Africa, zimene zinalandira dokoli kuchokera kwa a ku Britain mu 1957, choncho musajambule pamageti a asilikali kapena kulowa pamene palembedwa zoletsa. Pa bwalo la Jubilee Square pali chiboliboli cha galu wamkulu dzina lake Just Nuisance, amene ankakonda kukwera sitima ya pamtunda ndi asilikali a pamadzi mpaka a njanji anaopseza kuti amupha, ndipo mu 1939 asilikaliwo anamulemba usilikali kuti aziyenda ulere ngati anzake.

Abale achisilamu asadandaule za Swala ya masana. Mzikiti wa Noorul Islam uli chakumtunda kwa msewu waukulu, ndipo aliyense wa m'tauniyo angakulozereni. Mzikitiwu unatsala pamene eni ake anachotsedwa: mu 1967 boma la tsankho linalengeza kuti Simon's Town ndi dera la azungu okha, ndipo mabanja ambiri amene anakhalamo mibadwomibadwo anawasamutsira ku Ocean View, kuseri kwa phiri. Nthawi ya pawotchi ndi imodzimodzi ndi ya kwathu, koma dzuwa limayenda mosiyana, moti mu Disembala limalowa cha m'ma 8 koloko usiku pamene mu Juni limalowa isanakwane 6 koloko, choncho nthawi za Swala muzione za komweko.

Kuchokera pa Jubilee Square kukafika ku Boulders ndi ulendo wapansi wosakwana theka la ola. Mbalame za penguin zinayamba kuswana pamalopa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Siziuluka, zimayenda choimirira modzandira, zimasambira mwaliwiro lodabwitsa, ndipo zikamalira mungaganize kuti pali bulu pafupi. Mukalipira pageti mumayenda pa timilatho ta matabwa mpaka pamwamba pa gombe pamene zimasonkhana. Musazigwire kapena kuzipatsa chakudya, ndipo mwana asapise dzanja pampanda, chifukwa mlomo wake ndi wakuthwa ndipo umang'amba khungu. Mu 2024 mtundu umenewu unaikidwa m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi kuchepa kwa nsomba zing'onozing'ono zimene zimadya. Ife amene tinaona chambo chikusowa m'nyanja ya Malombe nkhani yotere sitifunika kuimva kawiri. Ngati thumba silikulola kulipira, pali kanjira kaulere kotchedwa Willis Walk kamene kamadutsa kuseri kwa mpanda, ndipo m'zitsamba za m'mbali mwake mbalamezi zimaoneka zitakhalira mazira. Gombe la Seaforth, limene lili pafupi, nalonso ndi laulere.

Zikwama za chakudya zikhale zotseka, chifukwa m'mapiri a Simon's Town muli anyani amene anazolowera anthu ndipo amalanda jumbo m'manja. Nyani akakutsatirani musiyireni jumboyo, ndipo musamupatse chakudya mwadala chifukwa ndi mlandu.

Musanalowe m'madzi

Pano ndi pamene ndikupempha kuti muwerenge mofatsa, makamaka inu achimwene amene munakulira pa Makawa, pa Malindi kapena pa Nkope, amene munayamba kupalasa bwato musanayambe sukulu. Munthu wa kumtunda amaopa madzi ndipo amathera m'mawondo, pamene mwana wa kunyanja amavula malaya n'kudumphira ali ndi chikhulupiriro chonse, ndipo chikhulupiriro chimenecho anachiphunzira pa nyanja ya makhalidwe ena.

Kusiyana koyamba ndi kuzizira. Pamwamba pa nyanja yathu madzi amakhala ofunda madigiri 24 kapena kupitirira, pamene ku False Bay ngakhale m'nyengo yotentha amangozungulira pa madigiri 20, ndipo m'nyengo yozizira amatsika kwambiri. Munthu akadumphira mwadzidzidzi m'madzi otere mpweya umabanika, amapuma mosadziletsa n'kumeza madzi, ndipo pakapita nthawi yochepa manja ndi miyendo zimalemera. Lowani pang'onopang'ono, nyowetsani nkhope ndi pachifuwa, dikirani mpaka kupuma kwanu kutakhazikika, ndipo mukayamba kunjenjemera tulukani.

Kwachiwiri ndi kudzaza ndi kuphwera. Nyanja yathu imakwera mwapang'onopang'ono potsatira mvula, pa miyezi, monga tinaonera mu 2024 pamene madzi analowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo kuno ku Mangochi. Nyanja yamchere imadzaza kawiri ndi kuphwera kawiri pa tsiku chifukwa cha mphamvu yokoka ya mwezi, ndipo kuchokera pamene yaphwereratu kufika pamene yadzaziratu pamapita maola 6 ndi mphindi zochepa. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima, kusiyana kumeneku kumayandikira mamita awiri. Mwala umene munakhalapo m'mawa ukhoza kukhala utazunguliridwa ndi madzi masana, ndipo nsapato zimene munasiya pamchenga wouma zikhoza kupita. Yalani chitenje chanu kumtunda kwa mzere wa zomera zakuda za m'nyanja zimene mafunde anataya, chifukwa mzere umenewo ndiwo malire a pamene madzi anafika. Nthawi za kudzaza ndi kuphwera zimapezeka pa intaneti mukalemba dzina la tauniyo ndi mawu akuti tides.

Kwachitatu, kumene kumapha anthu ambiri, ndi mkokomo wa madzi obwerera umene kumeneko amautcha rip current. Mafunde akamamenya gombe mosalekeza amaunjika madzi kumtunda, ndipo madziwo pofuna kubwerera amadzipezera ngalande yopapatiza pakati pa milu ya mchenga, n'kuthamangira kunyanja ngati mtsinje. Choopsa chake n'chakuti pamalo pamenepo ndi pamene pamaoneka pabata: mafunde saswekapo, madzi amakhala oderapo, ndipo kumanja ndi kumanzere kwake n'kumene kuli thovu loyera. Munthu wozolowera nyanja yathu, kumene malo abata ndiwo abwino, amasankha pomwepo. Mukazindikira kuti gombe likutalikira ngakhale mukusambira molunjika kumtunda, lekani kulimbana nawo madziwo, chifukwa ngakhale katswiri sangawapose liwiro ndipo chimene chimamiza munthu ndi kutopa. Mkokomowu sukokera pansi, umangokutengerani kutali. Gonani chagada, madzi amchere amayandamitsa thupi kuposa a kwathu, kwezani dzanja limodzi m'mwamba kuti a pamtunda aone, ndipo mukapezako mpweya sambirani chopingasa, motsata gombe, mpaka mutatuluka mu ngalandeyo, kenako mulole mafunde akukankhireni kumtunda.

Amene mwatsala pamtunda musathamangire m'madzi chimanjamanja, chifukwa nthawi zambiri wopulumutsa ndi amene amatsalira. Itanani ma lifeguard, amene ntchito yawo ndi kupulumutsa osambira pagombe, imbani 112 pa foni ya m'manja kapena 021 480 7700 imene ndi nambala ya zangozi ya mzinda wa Cape Town, ndipo yang'anani choyandamitsa cha pinki chimene bungwe lopulumutsa anthu panyanja la NSRI linapachika pa mitengo m'magombe ambiri. Wina mwa inu asachotse maso pa munthu amene ali m'madziyo, azimuloza ndi dzanja mpaka thandizo litafika.

Njira yopewera zonsezi ndi yapafupi. Sambirani pokhapokha pamene pali ma lifeguard, pakati pa mbendera ziwiri zofiira ndi zachikasu zimene amazika pamchenga, ndipo akakuimbirani wezulo mverani ngakhale mukuona ngati mumadziwa kusambira kuposa iwo. Musalowe m'madzi ndi jinzi kapena chitenje, chifukwa zikanyowa zimalemera ndi kukulunga miyendo. Achemwali amene safuna kuonetsa thupi avale zothina zopepuka zofika m'mapazi ndi malaya a manja aatali, ndipo palibe amene adzawayang'ane kawiri. Pa miyala musafulatire nyanja pojambulitsa, chifukwa pakati pa mafunde ang'onoang'ono pamabwera lina lalikulu mosayembekezereka.

Ng'ona, mvuu ndi likodzo kulibe, koma kuli shaki. Kuyambira mu 2004 gulu la Shark Spotters limaika anthu pamwamba pa phiri kuti aziyang'ana m'madzi, ndipo uthenga wawo amaupereka ndi mbendera ku Muizenberg, ku Fish Hoek ndi magombe ena. Yobiriwira ikutanthauza kuti madzi akuoneka bwino ndipo sanaone kanthu. Yakuda ikutanthauza kuti madzi sakuoneka bwino, choncho sangatsimikize. Yofiira ndi chenjezo lakuti chiopsezo n'chachikulu, mwina shaki yaoneka posachedwa. Yoyera, imene imabwera pamodzi ndi kulira kwa sairini, ikutanthauza kuti shaki ili pafupi ndipo aliyense atuluke nthawi yomweyo. Pamchenga mungaonenso tinthu ta buluu tokhala ngati timabaluni tokhala ndi ulusi wautali, totchedwa bluebottle, timene mphepo imakankhira kumtunda. Timaotcha ngakhale titafa, choncho ana asatitole, ndipo wina akaotchedwa atsuke ndi madzi a m'nyanja osakhula, n'kupita kwa ma lifeguard.

Kwa amene ali ndi ana kapena sanazolowere mafunde, malo abwino koposa ndi maiwe omangidwa ndi khoma m'mbali mwa nyanja, amene amadzaza okha nyanja ikakwera. Dziwe la ku St James lili pafupi ndi siteshoni, ndipo la Dalebrook lili pakati pa St James ndi Kalk Bay. Onse ndi aulere. Mudzaonanso anthu akutunga madzi a m'nyanja m'zigubu kuti apite nawo kwawo pa zikhulupiriro zawo. Zimenezo ndi zawo, koma madziwo musamwe kapena kumwetsa mwana, chifukwa mchere wake umaonjezera ludzu ndi kutsegula m'mimba.

Masana ku Kalk Bay

Cha m'ma 1 koloko bwererani ku siteshoni mukwere sitima yolowera ku Cape Town, n'kutsika pa Kalk Bay. Musanachoke m'mawa pazenera la matikiti mufunse ngati tikiti yanu ikulolani kutsika panjira n'kukweranso, kuti ngati sikutero mudziwiretu zogula ina ya kamtunda kotsalako. Doko la Kalk Bay lili pafupi ndi siteshoni, ndipo munthu wa ku Mangochi amamva ngati wafika kwawo: maboti amitundu yowala atakocheza, nsomba zitayalidwa pa simenti yonyowa, ogulitsa akuitanira, ndi amayi ovala majombo ndi maepuloni a pulasitiki akutumbula nsomba ndi mipeni yaitali pa mtengo wochepa. Nsomba yotchuka kumeneko ndi snoek, yaitali ngati mkono wonse wa munthu kapena kupitirira, ya mano akuthwa ndi minga italiitali yosavuta kuchotsa. Kuona maso ndi makha a nsomba sindingakuphunzitseni, koma pa snoek onjezerani kudinikiza mnofu ndi chala, chifukwa ina imakhala yofewa ngati phala ngakhale ili yatsopano, ndipo yotero imaphwanyika pamoto. Ngati mukufuna yopita nayo kunyumba, muigule pomaliza penipeni, aithire mchere, ndipo muikulunge bwino kuti isadonthere anzanu m'sitima.

Nsomba yokazinga ndi tchipisi imagulitsidwa padoko pomwepo, ndipo phukusi limodzi limakwanira anthu awiri amene anyamulanso kamba wawo. Amene mumasamala za halaal yang'anani chikalata chopachikidwa pakhoma kapena funsani, chifukwa malo ena amasakaniza mowa mu ufa umene amaviikamo nsomba. Podya tchinjirizani chakudya chanu, popeza mbalame zoyera za padoko zimakwatula tchipisi m'manja.

Padoko pamagona nyama zonenepa zotchedwa seal, zimene zimadikira matumbo a nsomba. Zimaoneka zaulesi koma zimaluma, ndipo mu 2024 zina mwa nyama zimenezi m'magombe a Cape zinapezeka ndi chiwewe. Zionereni patali, ndipo wina akalumidwa kapena kukandidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Pa khoma lalitali lotchinga doko musayendepo ngati mwaona kuti pamwamba pake ndi ponyowa, chifukwa ndiye kuti mafunde akulidumpha.

Msodzi akaona madzi manja amayabwa, koma kumeneko kuwedza ndi mbedza ngakhale kutola nkhono za pamiyala kumafuna chilolezo cha boma, ndipo pali malo ena otetezedwa, monga ku Boulders, kumene ngakhale wachilolezo saloledwa kutenga kanthu. Wina akakuitanirani ganyu yonyamula nkhono zotchedwa perlemoen mukane, chifukwa ndi mlandu waukulu umene umatsekeretsa anthu m'ndende, ndipo kwa mlendo umathera pa kuthamangitsidwa m'dziko.

Kubwerera

Nthawi ikakhalapo, tsikani pa St James muyende wapansi pa kanjira ka simenti kotsata nyanja mpaka ku Muizenberg, ulendo wosakwana theka la ola, koma pokhapokha ngati nyanja yaphwera, chifukwa ikadzaza mafunde amakwera pakanjirako. Ku Muizenberg kuli mipopi ya panja yotsukira mchere m'thupi, ndipo mukasamba musinthe zovala musanakwere sitima, chifukwa kabudula wonyowa ndi mchere amasupula m'ntchafu.

Konzekerani kukwera sitima imene yatsogolera yomaliza, kuti ikalephera kubwera mukhale ndi ina yodalira. Powerengera nthawi yambirani kumapeto: muyenera kukhala mutatsika takisi yomaliza ndi kulowa m'nyumba kusanade, ndipo m'nyengo yozizira zimenezi zikutanthauza kuchoka kugombe cha m'ma 3 koloko. M'sitima sankhani chipinda chimene muli anthu ambiri, khalani kutali ndi chitseko, ndipo foni ikhale m'thumba makamaka sitima ikamaima ndi kunyamuka. Zithunzi zotumiza ku gulu la pa WhatsApp la kumudzi zidikire mpaka mutafika.

Sitima ikakusiyani muli ku Simon's Town, kwerani takisi yopita ku Fish Hoek, ndipo kumeneko mufunse za yopita ku Retreat kapena ku Wynberg, kumene mungapeze yolowera kwanu. Ndalama ija munaika m'thumba lina ntchito yake ndi imeneyi. Mukafika kunyumba tsukuluzani zovala, thaulo ndi nsapato m'madzi a pampopi usiku womwewo, chifukwa mchere ukaumiramo nsalu imauma gwa ndipo zipi imachita dzimbiri. Snoek ija muiike mufiriji kapena muiotche tsiku lomwelo.